Anthu a hamala ndi chikwama: mbiri ya Geologists' Association

Mu August 1858, magazini ya ku London yotchedwa The Geologist, imene inali itangoyamba kumene kutuluka chaka chomwecho, inasindikiza kalata ya bambo wina dzina lake W. J. Haywood. Pempho lake linali losavuta kumva: anthu amene amaphunzira za miyala paokha, mongozikonda, akhale ndi bungwe lawolawo lokumaniramo ndi kuthandizana. Kalatayo inapeza anthu amene anali ndi ludzu lomwelo. Ena anayankha, ena anayamba kukumana, ndipo chakacho chisanathe bungwe linali litabadwa. Analitcha Geologists' Association, ndipo lilipo mpaka lero.

Sikuti mu London munalibe bungwe la za miyala. Geological Society inalipo kuyambira 1807, pamene amuna 13 anaikhazikitsa akudya chakudya chamadzulo ku Freemasons' Tavern. Koma khomo lake linali lopapatiza. Kuti munthu alowe ankayenera kutchulidwa ndi mamembala ndi kuvoteredwa, ndalama zolipira zinali zambiri, ndipo akazi sankaloledwa n'komwe. Mary Anning wa ku Lyme Regis, mwana wa kalipentala, amene pamodzi ndi mchimwene wake Joseph anafukula chilombo cha m'nyanja chotchedwa ichthyosaur ali kamtsikana, nadzapeza chinanso chathunthu chotchedwa plesiosaur mu 1823, anamwalira mu 1847 asanakhalepo membala, ngakhale kuti akuluakulu a bungwelo ankagula mafupa amene iye ankafukula ndi kulemba mapepala a sayansi kuchokera pa zimene manja ake anatulutsa m'thanthwe. Kalaliki wa mu ofesi, mphunzitsi wa sukulu, wogulitsa m'sitolo kapena dokotala wa m'tauni yaing'ono amene anali ndi bokosi la zigoba kunsi kwa bedi analibe kopita nalo.

Ndipo anthu oterowo anali ambiri, chifukwa m'zaka zimenezo England inali kukumbidwa paliponse. Makampani a njanji ankadula mapiri kuti sitima zidutse. Mu 1859 ntchito yaikulu yokumba ngalande za zonyansa za London inayamba pansi pa Joseph Bazalgette, ndipo mu 1863 njanji yoyamba ya pansi pa nthaka inatsegulidwa. Mzindawo unkakula mofulumira, choncho m'mphepete mwake munali nkhuti za njerwa, maenje a mchenga ndi migodi ya choko. Dzenje lililonse linkaulula zimene zinagona pansi kwa zaka mamiliyoni. Dongo limene London inamangidwapo linali matope a pansi pa nyanja yofunda zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, ndipo muli mano a shaki, nkhanu, akamba ndi zipatso za migwalangwa zimene zinasanduka mwala. Munthu amene wadutsa pamene akukumba, n'kutola dzino la shaki kutali ndi nyanja, sagona bwino mpaka atapeza womufotokozera.

Pulezidenti woyamba anali Joshua Toulmin Smith, loya wokhala ku Highgate, amene nthawi yake yopuma ankaithera pofufuza masiponji akale a m'miyala ya choko. Analankhula pa msonkhano woyamba mu January 1859, miyezi khumi buku la Charles Darwin lonena za chiyambi cha mitundu ya zamoyo lisanatuluke. Amene anamutsatira pa mpando anali m'busa Thomas Wiltshire. Malamulo amene anagwirizana ndiwo anapatsa bungweli nkhope yake: ndalama zolipira zikhale zochepa, munthu asafunsidwe satifiketi, ndipo akazi alowe ndi ufulu wofanana ndi wa amuna kuyambira tsiku loyamba. Akatswiri nawo sanawatsekere kunja. John Morris, pulofesa wa pa University College London, anadzakhala pulezidenti, ndipo kwa zaka zambiri misonkhano inkachitikira pa kolejiyo. Mu 1859 anayambanso kusindikiza zokambirana zawo, magazini imene ikutulukabe ndi dzina loti Proceedings of the Geologists' Association.

Koma chimene chinamanga bungweli ndi ulendo. Mu 1860 mamembala anakwera sitima kupita ku Folkestone, m'mbali mwa nyanja ku Kent, kumene kuli dongo lotuwa lotchedwa Gault, la zaka zoposa 100 miliyoni. M'dongo limenelo mumatuluka ma ammonite, zigoba zopiringizika za nyama za m'nyanja zimene zinatha kalekale, zina zikadali ndi kunyezimira kwake. Ulendo umenewo unali woyamba, ndipo kuyambira pamenepo maulendo sanaleke. Loweruka masana ankapita ku maenje a pafupi ndi London. Lamulo la 1871 litakhazikitsa masiku a tchuthi cha dziko lonse, monga Lolemba la Pasaka ndi Lolemba la Pentekoste, anayamba maulendo ogona, ndipo m'chilimwe kunkakhala ulendo wautali wa sabata kapena kuposerapo, kufika ku Wales, ku Scotland, ngakhale kutsidya la nyanja ku France ndi maiko ena.

Ulendo unali ndi mwambo wake. Pankasankhidwa wotsogolera, munthu wodziwa bwino deralo, kaya pulofesa kaya mphunzitsi wa pasukulu ya pafupi amene wakhala akuyenda m'dzenje limenelo kwa zaka makumi awiri. Kalata inkatumizidwa kwa mamembala yonena za sitima yokwera, mtunda woyenda pansi ndi zoyenera kunyamula. Atafika, wotsogolerayo ankaima patsinde pa phompho n'kufotokoza mizere ya miyala kuyambira pansi kukwera m'mwamba, kenaka anthu ankabalalika ndi mahamala ndi matchizulo awo, amuna ovala majekete ndi zipewa, amayi ovala masiketi ofika m'mapazi. Wina akapeza chachilendo ankafuula, anzake n'kumuzungulira, chinthucho n'kumayenda m'manja mpaka chitafika kwa wodziwa dzina lake. Madzulo ankamwa tiyi pamodzi, mmodzi n'kuimirira kuthokoza wotsogolera ndi mwini malo, kenaka liwiro la ku siteshoni ndi zikwama zolemera. Apa ndi pamene wophunzira kumene ankaphunzira zimene mabuku sanena: mmene mwala umang'ambikira, mbali yoyenera kumenya, chifukwa chake sukumba kunsi kwa thanthwe lolendewera, ndi chifukwa chake umakulunga chigoba m'nyuzipepala ndi kulemba malo ake usanasunthe phazi.

Ulendo uliwonse unkalembedwa ndi kusindikizidwa mu Proceedings: dzenje limene anaona, kutalika kwa mzere uliwonse wa mwala, ndi mndandanda wa zimene anatola. Olembawo mwina ankaona ngati akungosunga chikumbutso cha tsiku labwino. Lero malipoti amenewo ndi chuma, pakuti ambiri mwa maenje aja anakwiriridwa ndi zinyalala, ena pamwamba pake pali nyumba ndi misewu. Wofuna kudziwa zimene zili pansi pa madera ena a London ndi Kent nthawi zina alibe kwina kotembenukira koma ku lipoti la anthu amene anapitako Loweruka lina m'zaka za m'ma 1880. Pokondwerera zaka 50, bungweli linasonkhanitsa nzeru za maulendowa m'buku lalikulu lotchedwa Geology in the Field, limene linatha kusindikizidwa mu 1910, ndipo pa zaka 100, mu 1958, linayamba kutulutsa timabuku totsogolera anthu oyenda okha m'madera osiyanasiyana.

Ngati pali munthu mmodzi amene amaonetsa chimene wokonda chabe angathe kuchita, ndi Arthur Rowe, dokotala wa ku Margate, amene anabadwa mu 1858, chaka chimodzimodzi ndi bungweli. Maphompho oyera a choko a kum'mwera kwa England amaoneka ofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo otola ambiri ankangotola zimene zagwa pagombe osadziwa kuti zachokera pa msinkhu uti. Rowe anakana zimenezo. Ankatola chinthu chikadali m'thanthwe, n'kuyeza pamene chili, n'kulemba. Kunyumba ankayeretsa zigobazo ndi makina obowolera mano a madokotala a mano, kuti tizizindikiro tating'ono tionekere. Anasankha kanyama kamodzi ka m'nyanja, Micraster, kokhala ndi chigoba chooneka ngati mtima, n'kusanthula zigoba pafupifupi 2,000. Mu 1899 anaonetsa kuti pamene ukukwera m'mizere ya choko, kanyamako kamasintha pang'onopang'ono: chigoba chimatambalala ndi kukwera, ngalande ya kutsogolo imazama, pakamwa pamasunthira kutsogolo n'kumera mlomo. Kafukufukuyu analowa m'mabuku a sukulu monga chitsanzo cha kusintha kwa zamoyo kooneka ndi maso m'miyala, ndipo akatswiri akhala akukangana za tanthauzo lake mpaka m'nthawi yathu, zimene zikusonyeza kulimba kwa ntchitoyo. Kuyambira 1900 mpaka 1908 Rowe anasindikiza mu Proceedings mapepala ofotokoza magawo a choko cha m'mbali mwa nyanja, kuyambira Kent ndi Sussex, kudzera Dorset, Devon ndi Yorkshire, kukathera ku Isle of Wight, mothandizidwa ndi mnzake C. Davies Sherborn. Zonsezi ankazichita pa tchuthi, odwala ake akumudikira ku Margate. Chimene chimandigwira mtima pa Rowe ndi chakuti sanapeze chilombo chachikulu chilichonse. Kanyama kake kanali kofala, koti mwana aliyense wa ku Kent akanatha kukatola. Chimene anawonjezerapo ndi kuleza mtima kolemba malo.

Mbiriyi ili ndi tsamba lowawa. Mu December 1912, Charles Dawson, loya wa ku Uckfield amenenso anali wotola wodziwika, pamodzi ndi Arthur Smith Woodward wa ku nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe ya British Museum, analengeza ku Geological Society kuti m'dzenje la miyala ku Piltdown, ku Sussex, mwapezeka chigaza cha kholo lakale la anthu: mutu wonga wa munthu, nsagwada yonga ya nyani. Woodward anali atakhalapo pulezidenti wa Geologists' Association kuyambira 1904 mpaka 1906, ndipo mu July 1913 mamembala anapanga ulendo wokaona dzenje lotchukalo, najambulitsa pamenepo. Onse amene anaima pa chithunzicho mokhulupirira ananamizidwa. Chigazacho chinali cha munthu wa m'zaka za posachedwa, nsagwada inali ya nyani wotchedwa orangutan, mano anali opalidwa ndi tupa, ndipo zonse zinapakidwa mankhwala kuti zioneke zakale. Bodzali linakhala zaka 40. Linavulaza ndi Africa yomwe: pamene Raymond Dart analengeza mu 1925 za chigaza cha mwana chopezeka mu mgodi wa laimu ku Taung, ku South Africa, akatswiri ambiri a ku England anachinyalanyaza, mwa zina chifukwa sichinkagwirizana ndi chithunzi chimene Piltdown inawapatsa, chakuti ubongo waukulu ndiwo unayamba. Mu 1953 Kenneth Oakley, Joseph Weiner ndi Wilfrid Le Gros Clark anaulula chinyengocho, ndipo kafukufuku wa 2016 analoza chala kwa Dawson yemwe, amene anamwalira mu 1916.

Ena amatenga Piltdown ngati umboni wakuti wotola wosaphunzira ntchitoyi ndi woopsa. Ine sindikuona choncho. Amene anavomereza bodzalo ndi kuliteteza anali akatswiri a mayina aakulu, ndipo mmodzi mwa amene anaumirira kwa zaka kuti nsagwadayo ndi ya nyani anali Alvan Marston, dokotala wa mano, wotola wa masiku opuma. Marston yemweyo ndi amene mu 1935 ndi 1936 anapeza zidutswa ziwiri za chigaza chenicheni cha munthu wakale, cha zaka pafupifupi 400,000, m'dzenje la Barnfield ku Swanscombe, atapitako mobwerezabwereza ndi kusamala kuti malo ake enieni adziwike. Kusiyana kwa Dawson ndi Marston sikunali pa sukulu. Zimene Marston anapeza wina aliyense akanatha kupita kukaona pamene zinachokera, ndipo mu 1955 chidutswa chachitatu cha chigaza chomwecho chinapezekadi m'dzenje lomwelo ndi anthu ena.

Za akazi tanena kuti khomo linali lotsegula kuyambira 1858, ndipo ambiri analowa. Margaret Crosfield wa ku Reigate analowa m'zaka za m'ma 1890 ndipo anafufuza miyala yakale kwambiri ya ku Wales pamodzi ndi mnzake Ethel Skeat. Mary Johnston anasamalira laibulale ya bungweli ndi kusunga zithunzi za maulendo, zimene lero zimationetsa nkhope za anthu aja. Pamene Geological Society inalola akazi mu 1919, Crosfield ndi Johnston anali m'gulu loyamba la amayi 8 amene anasankhidwa, atakhwimira kale ku bungwe lotsika mtengoli. Komabe tisalikometsere mopitirira: kulowa pakhomo ndi kwina, kukhala pa mpando ndi kwina. Panatenga zaka zoposa 110 kuti mayi akhale pulezidenti. Anali Muriel Arber, mphunzitsi wa sukulu ku Ely, wodziwa kwambiri za kugumuka kwa maphompho a ku Lyme Regis, amene anasankhidwa mu 1972.

M'zaka za m'ma 1900 sayansi ya miyala inasanduka ntchito ya malipiro, ya mayunivesite, makampani a mafuta ndi boma, ndipo wina akanaganiza kuti okonda chabe atha ntchito. Sizinatero msanga. C. W. Wright, amene anali pulezidenti kuyambira 1956 mpaka 1958, masana anali mkulu wa boma mu unduna wa zachitetezo, koma usiku anali mmodzi mwa odziwa ma ammonite kuposa onse pa dziko, ndipo analemba nawo gawo la nyama zimenezi m'buku lalikulu la Treatise on Invertebrate Paleontology mu 1957. Dennis Curry, wa banja la eni masitolo a zipangizo zamagetsi a Currys, ankayendetsa bizinesi ya makolo ake kwinaku akusefa mchenga ndi dongo kufunafuna tizigoba tosaoneka bwino popanda galasi lokulitsa. Nayenso anakhala pulezidenti m'zaka za m'ma 1960, ndipo mphatso yake ndiyo inakhazikitsa thumba la Curry Fund mu 1986, limene limathandiza kusindikiza mabuku, kuika zikwangwani zofotokozera pa malo a miyala ndi kusamalira zosonkhanitsidwa.

Vuto lenileni linabwera ndi kutsekedwa kwa malo. Maenje ang'onoang'ono a m'midzi, mmene anthu ankakumba ndi manja ndipo wogwira ntchito ankatha kusungira wotola chigoba chabwino posinthana ndi kangachepe, analowedwa m'malo ndi migodi ikuluikulu ya makina imene imaphwanya chilichonse. Lamulo la chitetezo cha pa ntchito la 1974 linachititsa eni migodi kuopa milandu, moti ambiri anayamba kukana alendo. Otola nawo anali ndi mlandu wawo. Magulu a ophunzira ndi ena ofuna kugulitsa ankafika pa thanthwe limodzi chaka ndi chaka n'kuliphwanya mpaka mzere wa zigoba utatheratu, kusiya zipata za alimi zotsegula ndi zibenthu zakuthwa m'mabusa a ziweto. Mu 1975 bungweli linatulutsa malamulo a khalidwe la kumalo otolera: pempha chilolezo, usamenye thanthwe popanda chifukwa, tola zochepa ndipo makamaka zimene zagwa kale, vala chipewa cholimba, dziwa nthawi imene madzi a nyanja abwerera. Apa ntchito ya bungwe inasintha. Munthu payekha sangaloledwe kulowa mu mgodi, koma gulu lokhala ndi wotsogolera, inshuwalansi ndi mbiri yabwino limaloledwa. Ambiri lero amalowa m'makalabu pa chifukwa chimenechi.

Ndipo m'maenje otsalawo mukutulukabe zodabwitsa, ngakhale si otola onse amene ali mamembala a bungweli. Mu January 1983 William Walker, pulambala, anaphwanya mwala m'nkhuti ya njerwa ya Smokejacks ku Surrey n'kupeza chikhadabo cha masentimita pafupifupi 30. Anadziwitsa akatswiri a ku London, iwo n'kufukula mafupa ambiri a dinosaur wodya nsomba amene sankadziwika, ndipo mu 1986 anamutcha Baryonyx walkeri, dzina la Walker likulowa m'sayansi. Pulambala winanso, Steve Etches, anatha zaka zoposa 30 akutola m'dongo la ku Kimmeridge, ku Dorset, akulemba malo a chinthu chilichonse monga ankachitira Rowe, mpaka mu 2016 m'mudzimo munatsegulidwa nyumba yosungiramo zimene anasonkhanitsa. Ku gombe la Dorset komweko, kumene kunalembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2001, nyanja imadya maphompho nyengo yozizira iliyonse, ndipo chimene sichinatoledwe mafunde amachipera. Kumeneko otola, ngakhale ogulitsa amene, anagwirizana ndi eni malo ndi akatswiri kuti chopezeka chofunika chizilembedwa m'kaundula ndipo nyumba zosungiramo zinthu zakale za m'dzikomo zizipatsidwa mwayi woyamba wogula. Ndikuona kuti njira imeneyi ndi yanzeru kuposa kuletsa, chifukwa palibe yunivesite imene ingaike munthu pagombe m'mawa uliwonse mkuntho ukatha.

Lero Geologists' Association ili ndi magulu a m'madera, monga ku South Wales ndi North Staffordshire, ndi makalabu ambiri odziimira okha amene anadziphatika kwa iyo. Maphunziro a mwezi ndi mwezi amachitikira ku Burlington House, m'chipinda cha Geological Society, pakuti mabungwe awiriwa anakhala pa ubale kalekale ndipo anthu ambiri ndi mamembala a onse awiri. Msonkhano wa pachaka umene mamembala ankayala zotola zawo pamatebulo kuti anzawo aone, atchule mayina ndi kusinthana, unakula n'kukhala chikondwerero cha Festival of Geology, chotsegukira aliyense. Kalabu ya ana ya Rockwatch, imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imatenga ana ndi makolo awo kupita ku migodi ndi ku magombe, ndipo ena mwa ana oyambirira aja tsopano ndi akatswiri.

Nkhawa imene imamveka kwambiri pakati pa mamembala okalamba ndi ya makabati awo. Munthu amene watola zaka 50 amasiya madilowa mazana, ndipo ana ake nthawi zambiri sadziwa chochita nawo. Zosonkhanitsa za Rowe zinapita ku British Museum, koma nyumba zosungiramo zinthu zakale za m'matauni ang'onoang'ono zambiri zilibenso wosamalira miyala, malo ndi ochepa, ndipo bokosi lopanda timapepala tonena kumene zinthu zinachokera sizililandira. Ngakhale zolembedwa bwino zimafuna dzanja. Zipatso ndi timitengo ta m'dongo la pa chilumba cha Sheppey, zimene Eleanor Reid ndi Marjorie Chandler anazifotokoza m'buku lawo la 1933, zinasanduka mwala wa pyrite, umene ukakumana ndi chinyezi umafufuma n'kusweka kukhala ufa, ndipo asidi wotulukapo amadya ndi kapepala ka dzina komwe. N'chifukwa chake makalabu tsopano amalimbikitsa mamembala kujambula zithunzi, kulemba kaundula wa pa kompyuta ndi kukambirana ndi nyumba yosungiramo zinthu akadali moyo, ndipo gawo la ndalama za Curry Fund limapita ku ntchito yopulumutsa zosonkhanitsa zoterezi.